Zolemba za Ntchito Yopanga Maikulosikopu Yothandiza Kupeza Mazira a Likodzo mu Mkodzo

Zolemba izi ndazitenga m'kope limene ndakhala ndikulembamo kuyambira tsiku loyamba la ntchitoyi, ndipo ndaziika pano kuti amene angafune kuyesa zofanana nazo asadzawononge ndalama pamalo pamene ife tinapunthwa kale. Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta. Amene ndikugwira nawo ntchitoyi ndi mayi wa ku labu pa chipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, amene ayeza mikodzo ndi magazi kwa zaka zambiri, ndipo m'zolembazi ndizingowatchula kuti amayi a ku labu.

3 Sepitembala 2024: Ntchito imene tikufuna kupeputsa

Njira yopezera likodzo la m'chikhodzodzo ndi yakale ndiponso yodalirika. Munthu amapereka mkodzo pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira a nyongolotsi ya Schistosoma haematobium amatuluka ochuluka. Wa ku labu amagwedeza mkodzowo, amakoka mamililita 10 ndi sirinji, amawakankha kudutsa pa kasefa kozungulira ka mamilimita 13, kenako amaika kasefako pa kagalasi, amadonthezapo ayodini ndi kuyamba kuwerenga mazira. Dziralo lili ndi kaminga kumapeto kwake, ndipo mazira akafika 50 mu mamililita 10 amenewo, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawo ndi aakulu.

Vuto silili pa mikodzo yodzaza mazira, chifukwa imeneyo ngakhale wophunzira kumene amaiona. Amayi a ku labu anandiuza kuti chimene chimawadetsa nkhawa ndi kasefa kokhala ndi dzira limodzi kapena awiri, kamene kamabwera masana maso atatopa kale, odwala malungo akudikiranso zotsatira zawo panja. Tikufuna makina ojambula kasefa konse okha, ndi pulogalamu yophunzira pa zithunzi yowalozera pamene pakuoneka dzira. Ena anayamba kale ntchito yotere: a Delft University of Technology ku Netherlands anapanga makina otchedwa Schistoscope amene anayesedwa ku Nigeria. Ife tasankha maikulosikopu ya OpenFlexure, imene inakulira ku University of Bath ya ku England mogwirizana ndi anthu a ku Tanzania, kuphatikizapo a Ifakara Health Institute, chifukwa mapulani ake ndi aulere ndipo thupi lake limasindikizidwa pa pulinta ya 3D, makina oumba zinthu ndi pulasitiki yosungunula.

Kalata ya komiti yoona za kafukufuku wokhudza anthu taitenga tisanajambule chithunzi ngakhale chimodzi. Tagwirizana kuti zithunzi sizikhala ndi dzina la munthu koma nambala yokha, komanso kuti aliyense azilandira mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel potsatira zimene amayi a ku labu aona ndi maso awo pa maikulosikopu ya masiku onse, makina athu anene chilichonse.

24 Sepitembala 2024: Zipangizo ndi mitengo yake

Kakompyuta ka Raspberry Pi 4 ka 4GB kandidya K190,000. Mtengo wake kumene amakapanga unali madola 55 mu 2024, koma ukaphatikiza msonkho, ndalama yotumizira ndi kusowa kwa ndalama zakunja, ndiye kuti walipira pafupifupi kawiri. Kamera yake yaing'ono ndagula K85,000, lenzi ya 10x (yokulitsa zinthu kakhumi) pamodzi ndi lenzi ina ya mkati mwa chubu K140,000, timamota titatu ta 28BYJ-48 ndi bolodi yotiyendetsa K95,000, kilogalamu imodzi ya pulasitiki ya PLA K60,000, memoli khadi K18,000, ndipo masikuluwu, mawaya ndi timphira K25,000. Mwini pulinta ku Blantyre wandilipiritsa K40,000. Zonse pamodzi zakwana K653,000. Laputopu yoonerapo zithunzi ndi yanga yakale, choncho sindinaiwerengere.

17 Okutobala 2024: Kusindikiza thupi la makina

Thupi loyamba linawonongeka magetsi atazima patatha maola 9, litatsala pang'ono kutha. Pulinta imeneyi siipitiriza pamene inalekera, ndiye tinataya pulasitiki yonseyo ndipo ndinawonjezera K20,000. Lachiwiri tinalisindikiza usiku pulinta italumikizidwa ku batire, ndipo linatuluka bwino.

Makinawa alibe njanji kapena magiya otsetsereka. Thebulo loikapo kagalasi limayenda chifukwa timiyendo topyapyala ta pulasitiki timapindika pang'onopang'ono mota ikamazungulitsa sikuluwu, ndipo kamphira ndi kamene kamabweza mwendo kuti usasiyane ndi sikuluwuyo. Ine ndinanyoza kamphirako ndipo ndinagula timphira ta mipope ya madzi tooneka mofanana. Tinali tolimba mopitirira, mota inkalira osasuntha kanthu, ndipo pokankha kuti kalowe ndinatsala pang'ono kuthyola mwendo umodzi. Ndinadikira masabata awiri kuti timphira ta muyeso wolembedwa m'mapulani tifike. Chinanso choyenera kudziwa msanga ndi chakuti thebulolo limayenda mamilimita 12 okha mbali iliyonse, pamene kasefa ndi ka 13. Zimatheka chifukwa m'mphepete mwa kasefa simudutsa mkodzo, pakuti choikamo chake chimapana pamenepo, koma kasefako kakangoikidwa mopendekera pang'ono mbali ina imatsala yosajambulidwa. Ndalemba kadontho pansi pa kagalasi kosonyeza pakati.

8 Novembala 2024: Makina akuchedwa kuposa munthu

Ndi lenzi ya 10x panafunika zithunzi zoposa 120 kuti kasefa kamodzi kajambulidwe konse, ndipo popeza makina amayamba afuna pooneka bwino asanajambule chilichonse, ntchitoyo inatenga mphindi 14. Amayi a ku labu anaima pambali akuyang'ana, ndipo atatha anati: "Achimwene, pa nthawi imeneyi ine ndikanakhala nditawerenga masefa atatu ndi kuyamba lachinayi." Ananena zoona. Anandikumbutsanso kuti iwo amayamba kusaka ndi lenzi yaing'ono, ndipo yaikulu amaigwiritsa ntchito pokhapokha akakayika. Ndagula lenzi ya 4x pa K55,000. Tsopano kasefa kakutha ndi zithunzi 24 pa mphindi zosakwana 4, ndipo dzira likuonekabe bwino pamodzi ndi kaminga kake. Funso limeneli ndikanawafunsa mu Sepitembala, ndisanagule lenzi.

29 Novembala 2024: Kutentha, magetsi ndi fumbi

Tinasiya makina pafupi ndi zenera Loweruka ndi Lamlungu, m'chipinda chofolera ndi malata, mwezi wa Novembala ku Mangochi. PLA imayamba kufewa ikafika madigiri pafupifupi 60, ndipo dzuwa lolowa pagalasi linakwanitsa kupotoza miyendo iwiri, moti mbali imodzi ya chithunzi inkaoneka bwino ina ili mbuu. Tasindikizanso thupi pa K40,000 ndipo kalipentala watikhomera bokosi la pulayiwudi la K30,000, limene likutchinganso fumbi. Sabata yomweyo memoli khadi inawonongeka magetsi atazima makina ali mkati mosunga zithunzi, ndipo zithunzi za masefa 11 zinatayika. Ndagula khadi ina K18,000, ndiponso batire ya mavolti 12 ndi kachipangizo kotsitsa mphamvu kufika pa mavolti 5, zonse K120,000. Kuyambira lero zithunzi zikumakoperedwa ku laputopu kasefa kalikonse kakangotha.

21 Januwale 2025: Kulemba mazira pa zithunzi

Tasonkhanitsa masefa 62, zithunzi 1,488. Pulogalamu kuti iphunzire imafunika kuonetsedwa dzira lililonse litazunguliridwa ndi kabokosi, ndipo ntchito yotopetsayi ndinayamba kuigwira ndekha madzulo pofuna kuti ndisawalemetse amayi a ku labu. Atayang'ana zithunzi 100 zoyamba anandibwezera zambiri. Ndinali nditazungulira timiyala ta mchere wa mu mkodzo tooneka ngati dzira losongoka, timathovu ta mpweya totsekeredwa pansi pa kasefa, ngakhalenso kachidutswa ka ulusi wa thonje kopindika. Ndinalinso nditadumpha zikhokho za mazira zopanda kanthu mkati, zimene iwo amaziwerenga, ndipo anandifotokozera chiyambi chake: dzira la likodzo likakumana ndi madzi abwino limaswa, kachilombo n'kutuluka, ndiye kabotolo kakatsukidwa koma osauma bwino, kapena wina akathiramo madzi kuti mkodzo uchuluke, pa kasefa pamatsala zikhokho zokha.

Tasintha kagwiridwe kake. Ine ndikumalemba koyamba, iwo akumakonza Lachiwiri ndi Lachinayi kwa ola limodzi, ndipo timiyala, thovu ndi ulusi tikumazilembanso m'magulu awoawo kuti pulogalamu idziwe zinthu zimene si dzira. Tagwirizananso kuti mkodzo usefedwe tsiku lomwelo, chifukwa ukagonera timiyala timachuluka.

Pofotokozera anthu za zithunzizi tapeza kuti Chichewa chokha sichikukwana, pakuti ambiri obwera kuno amamasuka m'Chiyao. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ndi amene akumalongosola, ndipo funso limene likubwera kawirikawiri ndi lakuti zithunzizo zikupita kuti. Kuwaonetsa chithunzi chimodzi pa laputopu, kuti aone okha kuti ndi kasefa chabe kopanda nkhope kapena dzina, kwathandiza kuposa pepala lonse limene tinalemba.

18 Febuluwale 2025: Zotsatira zabwino zimene zinali zabodza

Ndaphunzitsa pulogalamu yaing'ono yozindikira zinthu pa zithunzi, ya mtundu wa YOLO, pa Google Colab (makompyuta a Google ogwiritsa ntchito kudzera pa intaneti), ndipo mabandulo a intaneti otumizira zithunzi andidya K45,000. Ndinasakaniza zithunzi zonse, ndinapatula gawo limodzi mwa magawo asanu kuti likhale loyesera, ndipo pulogalamu inapeza mazira 97 pa 100 aliwonse. Ndinasangalala masiku awiri. Tsiku lachitatu tinaiyesa pa masefa atsopano 8 ndipo inadumpha mazira ambiri oti ngakhale ine ndinawaona.

Cholakwa chinali changa. Makina akamajambula, chithunzi chilichonse chimalowerera pang'ono m'chinzake kuti pasatsale mpata, choncho dzira lomwelo limapezeka m'zithunzi ziwiri kapena zinayi. Posakaniza, dzira limodzi linkagwera ku zithunzi zophunzirira ndiponso ku zoyesera, ndiye pulogalamu inkalemba mayeso amene inaona kale mayankho ake. Kuwonjezera apo, zithunzi za kasefa kamodzi zimafanana mtundu, kuwala ndi zinyalala, moti pulogalamu inkazindikira kasefako kuposa dzira. Nditagawanso potsatira munthu, kuti zithunzi zonse za munthu mmodzi zikhale mbali imodzi, chiwerengero chinatsika kufika pa 71. Chimenechi ndiye chinali chenicheni.

Pofufuza mazira odumphidwawo tinapeza chachiwiri. Masefa ambiri oyamba anawakonza amayi a ku labu, amene amadontheza ayodini wokwanira mpaka dzira lifiire bwino, pamene atsopanowa anawakonza wophunzira amene anabwera kudzazolowera ntchito, yemwe amadontheza pang'ono. Pulogalamu inali itagwira mtundu wofiirira kuposa maonekedwe a dzira. Takonza mbali ziwiri: dontho la ayodini tsopano ndi limodzi lochokera m'kabotolo kamodzimodzi, ndipo pophunzitsa ndikumasintha dala mtundu ndi kuwala kwa zithunzi kuti pulogalamu isadalire zimenezo. Mikodzo ya magazi ambiri ikuvutabe, chifukwa magazi amatseka kasefa ndi kuphimba mazira. Imeneyi tikumaigawa pa masefa awiri, mamililita 5 kalikonse.

12 Malichi 2025: Chimene laputopu iyenera kuonetsa

Gawo ili ndi limene landiphunzitsa zambiri, ngakhale silinafune ndalama. Poyamba laputopu inkaonetsa mawu awiri okha, akuti mazira apezeka kapena sanapezeke, pamodzi ndi chiwerengero. Ndinaganiza kuti kuphweka kumeneku kuwasangalatsa. Amayi a ku labu anakana kuigwiritsa ntchito, ndipo mawu awo ndinawalemba tsiku lomwelo: "Pa pepala la zotsatira pamasainidwa dzina langa. Sindingasaine chinthu chimene sindinachione." Anawonjezera kuti makina akanena kuti mazira ndi 48 iwo n'kupeza 52, munthuyo walowa gulu lina, ndipo palibe njira yodziwira pamene asiyanirana.

Ndinagwetsa zonse n'kuyambanso. Tsopano pulogalamu imadula kachithunzi ka chilichonse chimene ikuchiganizira kuti ndi dzira, n'kuziyala pa laputopu kuyambira zimene ikuzikhulupirira kwambiri kufikira zokayikitsa, ndipo munthu amadina kuvomera kapena kukana. Akadina kawiri amaona malo onse ozungulira, ndipo akafuna, makina amabwerera pamalo pomwepo pa kasefa kuti aonenso. Chiwerengero chimatuluka munthu akamaliza, ndipo ndi cha zimene iye wavomera. Ndatsitsanso mulingo umene pulogalamu imayambira kuloza, chifukwa kukana kathovu kumatenga sekondi imodzi, pamene dzira lodumphidwa ndi mwana wobwerera kunyumba wopanda mankhwala.

Patatha masabata awiri panabuka vuto losiyana ndi loyambalo. Wophunzira uja anayamba kuvomera tizithunzi mofulumira kwambiri, ndipo kasefa kamene makina sanalozepo kanthu ankakataya osakayang'ananso. Sindikumuimba mlandu, chifukwa kapangidwe kanga ndi kamene kanamuzoloweza zimenezo: makina akakhala olondola kambiri, dzanja limayamba kudina maso asanaone. Tinachigwira pamene amayi a ku labu anapeza mazira awiri m'mphepete mwa kasefa kamene makina anati kalibe kanthu, ndipo kanali kataikidwa mopendekera. Kuyambira pamenepo ndachotsa batani lovomera zonse pakamodzi, makina akumakana kuyamba ngati mphepete yonse ya kasefa sikuoneka, ndipo kasefa kachisanu kalikonse mwa timene makina ati tilibe mazira kakumawerengedwanso konse ndi munthu wina amene sanaone zotsatira za makina, kuwonjezera pa kuwerenga kwa masiku onse kumene mankhwala amaperekedwa potsatira.

9 Epulo 2025: Mazira achilendo ndi chuku pa lenzi

Pa masefa atatu tapeza mazira ataliatali, owonda kumapeto konse kuwiri, osiyana ndi amene tinazolowera. Pulogalamu inawaika pansi penipeni pa mndandanda, ndipo limodzi inalitcha ulusi. Amayi a ku labu anati akhala akuona mazira otere mwa apo ndi apo. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene akatswiri anafalitsa mu 2019, kuti ku Mangochi ndi ku Nsanje kuli nyongolotsi za likodzo la anthu zimene zaberekana ndi mitundu ya ziweto, Schistosoma mattheei ndi Schistosoma bovis, ndipo mitundu ya ziwetoyi imaikira mazira ataliatali chonchi. Maonekedwe okha sangatsimikize kuti dzira ndi la mtundu wosakanikirana, pakuti zimenezo zimafuna kuyeza DNA, choncho ife tangowonjezera batani lachitatu lakuti dzira lachilendo, ndipo zithunzi zake zikusungidwa padera.

Tawonjezeranso gulu la dzira la Schistosoma mansoni, limene kaminga kake kali cha m'mbali. Kwenikweni limapezeka m'chimbudzi, koma nthawi zina limagwera mu mkodzo, ndipo kuno si nkhani yakutalinso chiyambire pamene nkhono za Biomphalaria pfeifferi, zimene zimafalitsa mtundu umenewu, zinapezeka m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi mu 2017, ndipo likodzo la m'matumbo linayamba kupezeka mwa ana a sukulu. Pulogalamu yophunzira pa mazira a mtundu umodzi imangokhala chete ikaona wina, ndipo kukhala chete kumeneko ndi kumene ndikukuopa kwambiri.

Chinyezi cha mvula chabala chuku pa lenzi ya 10x imene tinaisiya m'dilowa. Taipukuta ndi sipiriti koma pakati patsala chipsera. Malenzi onse tsopano akugona m'kabotolo kotsekeka bwino, pamodzi ndi timapaketi touma timene timabwera m'mabotolo a mankhwala.

20 Meyi 2025: Pamene tafika

Masefa akwana 174, ndipo 40 mwa amenewa tinawabisa kuyambira pachiyambi cha Epulo kuti pulogalamu isawaone mpaka tsiku loyesa. Pa masefa 40 amenewo yaloza mazira 89 pa 100 aliwonse amene amayi a ku labu anawerenga, ndipo yadumpha masefa awiri okhala ndi dzira limodzi lokha. Mbali inayi, pa kasefa kamodzi yaloza dzira limene iwo anali atalidumpha, ndipo atabwerera pa maikulosikopu yawo analipeza litabisala pansi pa magazi. Izi ndi ziwerengero za chipatala chimodzi, makina amodzi ndi manja a anthu awiri, choncho sindikulola kuti wina azitenge ngati umboni wakuti makinawa angagwiritsidwe ntchito popereka zotsatira kwa odwala. Komanso kusefa mkodzo sikuona likodzo la m'njira ya amayi, limene limatha kukhalapo mkodzo ulibe dzira, ndipo makina athu sasintha kanthu pamenepo.

Ndalama zonse zimene zalowa ndi K981,000, osawerengera masefa, ayodini ndi maulendo a ku Blantyre. Nthawi imene munthu akukhala pa laputopu ndi pafupifupi mphindi imodzi ndi theka pa kasefa, ndipo makina akamajambula amayi a ku labu akumapitiriza kuyeza malungo. Kamphira ka mwendo wakumanzere kayamba kung'ambika ndipo tatsala ndi timphira tiwiri tosinthira. Mwezi wa Juni tikusindikiza makina achiwiri ndi pulasitiki yotsala, ndipo tikawaika pa chipatala china cha kutsidya kwa Shire, kumene masefa adzakonzedwe ndi munthu amene sitinamuphunzitse ife. Pulogalamu sindiikhudza mpaka masefa 60 oyamba a kumeneko atawerengedwa ndi maso ndi kulembedwa m'buku.